Chenjezo la mu Ndime 7.2.3: Kusankha Buffer ya I2C

Aliyense amene analumikizapo kachipangizo koyeza kutentha ku Arduino kapena ku Raspberry Pi pogwiritsa ntchito mawaya awiri otchedwa SDA ndi SCL anatsata malamulo a chikalata chimodzi, kaya anachiwerengapo kaya sanachionepo n'komwe. Chikalatacho ndi UM10204, ndipo chimafotokoza mmene bus ya I2C, njira ya mawaya awiri amenewa, iyenera kugwirira ntchito. Kampani ya Philips ndiyo inayambitsa I2C mu 1982, pofuna kuti machip a m'kati mwa chipangizo chimodzi, monga wailesi yakanema, azitumizirana uthenga pa mawaya awiri okha m'malo mwa mtolo wonse wa mawaya. Mu 2006 nthambi ya Philips yopanga machip inaima payokha n'kukhala NXP, ndipo ndiyo yakhala ikukonza chikalatachi mpaka kope la nambala 7 la mu 2021.

Masamba ambiri a UM10204 amalankhula mwalamulo: chakuti chisapitirire apa, chakuti chisachepere apa. Koma mukafika pa ndime 7.2.3, imene imanena za mabuffer, mawu amafupika. Buffer ndi kachip kamene mumakaika pakati pa bus kuti kaidule pawiri. Kamamvetsera zimene zikuchitika mbali ino n'kuzibwereza mbali inayo ndi mphamvu yakeyake. Mabuffer oterewa alipo ambirimbiri, a NXP, a Texas Instruments, a Analog Devices, ndipo ochuluka ali ndi miyendo 8 moti poyang'ana ndi maso simungawasiyanitse. Pa nkhani yaikulu chonchi, chikalatachi chimangopereka mizere yochepa, chithunzi, ndi chenjezo la chiganizo chimodzi. Ine ndikuona kuti luso lonse losankha buffer lagona m'chiganizo chimenecho, makamaka m'theka lake lachiwiri, limene alembi analinena motsitsa mawu.

Waya wofulumira kutsika, wochedwa kukwera

Kuti chenjezolo limveke, tiyenera kudziwa kaye vuto limene buffer imabwera kudzathetsa. Pa I2C wamba palibe chip imene imakankhira waya m'mwamba. Chip iliyonse imatha zinthu ziwiri zokha: kukokera waya pansi, pafupi ndi 0 V, kapena kumusiya. Chimene chimakweza wayayo ndi resistor yolumikizidwa ku magetsi a 3.3 V kapena 5 V, imene amaitcha pull-up. Dongosolo limeneli n'lanzeru. Machip awiri akakoka nthawi imodzi palibe chimene chimapsa, ndipo waya mmodzi yemweyo amanyamula uthenga wopita ndi wobwera. Controller, chip imene imayendetsa bus, ikatumiza mabiti 8 imasiya SDA, ndiye chip yolandira imakokera wayayo pansi pa kugunda kwa koloko kwa nambala 9 posonyeza kuti yamva. Yankho limeneli ndilo ACK. Ngakhale SCL, waya wa koloko, si wa controller yokha ayi. Chip imene sinamalize ntchito ikhoza kumugwira pansi kuti controller idikire, chimene amisiri amachitcha clock stretching.

Koma ubwino umenewu suli waulere. Waya aliyense, mwendo uliwonse wa chip ndi kanjira kalikonse ka pa bolodi zimayamba zasunga magetsi pang'ono voltage isanakwere. Imeneyi ndiyo capacitance, ndipo resistor yokha ndiyo iyenera kuidzaza. Chikalatachi chimaika malire a 400 pF pa liwiro la 100 kHz ndi la 400 kHz, komanso 550 pF pa liwiro la 1 MHz. Chimalamulanso kuti waya akwere kuchoka pa 30 peresenti kufika pa 70 peresenti ya magetsi m'nthawi yosapitirira 1000 ns pa 100 kHz, 300 ns pa 400 kHz ndi 120 ns pa 1 MHz. Ndime 7.1 imapereka masamu ake: nthawi yokwera ndi 0.8473 kuchulukitsa ndi resistor, kuchulukitsanso ndi capacitance.

Tiike manambala enieni. Resistor ya 4.7 kΩ, imene anthu ambiri amangoiika mwachizolowezi, imakwanitsa pafupifupi 250 pF pa 100 kHz, koma pa 400 kHz imangokwanitsa 75 pF. Mwendo umodzi wa chip umaloledwa kufika 10 pF, ndipo chingwe cha Cat5 chimabweretsa pafupifupi 50 pF pa mita iliyonse. Mamita awiri okha a chingwe apitirira kale malire pa 400 kHz. Mwina muganiza zochepetsa resistor kuti idzaze msanga, koma nakonso kuli khoma. Chip wamba imangolonjeza kukoka 3 mA uku wayayo ali pa 0.4 V kapena kutsikirapo. Pa magetsi a 3.3 V zimenezi zikutanthauza kuti resistor isachepere pafupifupi 967 Ω. Chonsecho kuti mukweze 400 pF mu 300 ns mufunika resistor yosapitirira pafupifupi 885 Ω. Malire awiriwa apingasana, ndipo chikalatacho chimavomereza zimenezi m'mawu aang'ono a pansi pa tebulo, pamene chimati kuyendetsa 400 pF yonse pa 400 kHz kumafuna chip yokoka 6 mA pa 0.6 V.

Njira zinayi, ndipo buffer ndi yachitatu

Ndime 7.2 imayankha funso lakuti munthu atani capacitance ikapitirira malire. Imapereka njira zinayi motsatizana: kuchepetsa liwiro la koloko, kugwiritsa ntchito machip okoka mwamphamvu monga a Fast-mode Plus amene amafika 20 mA, kudula bus ndi mabuffer kapena masiwichi, ndi kuika pull-up yoyaka n'kuzima yokha imene imathandiza pa nthawi yokwera basi.

Ndondomeko imeneyi ndimaiwerenga ngati malangizo. Njira yoyamba siifuna kugula chilichonse. Ndi mzere umodzi wa mu pulogalamu. Kachipangizo koyeza chinyezi kamene kamawerengedwa kamodzi pa mphindi sikataya kanthu ngati koloko itsika kuchoka pa 400 kHz kufika pa 50 kHz. Njira yachiwiri imasintha mphamvu ya machip koma bus imakhalabe imodzi, ndipo malamulo ake onse amakhalabe momwemo. Ndi pa njira yachitatu pamene pamalowa mlendo pakati pa olankhulana. Wosankha buffer ayambe wadzifunsa ngati wayesadi njira ziwiri zoyambazo.

Lonjezo la ndime 7.2.3 n'losavuta kumva. Mukadula bus pawiri, chigawo chilichonse chimaloledwa kukhala ndi capacitance yonse ya malire, choncho bus yonse ikhoza kunyamula kuwirikiza kawiri. Chitsanzo chimene alembi anasankha ndi PCA9515, ndipo pansi pa chithunzi anawonjezera kuti mabuffer ena amalola magetsi osiyana pa mbali ziwirizo. Kenako pamabwera chenjezo. M'mawu athu likunena kuti kuika buffer kumachedwetsa uthenga nthawi zonse, zimene zimatsitsa liwiro limene bus ingafike, ndiponso kuti mwina kungabweretse zofunika kuzisamala zapadera pa VIL ndi VOL. Theka loyamba alinena motsimikiza. Lachiwiri alinena mokayikira. Komatu mabolodi ambiri amene amavuta amavuta chifukwa cha lachiwirili.

Kuchedwa kumene kumalipidwa kawiri

Theka loyamba limatchula zochedwetsa ziwiri. China ndi nthawi imene buffer imatenga kuti imve n'kubwereza. Chinacho ndi nthawi yowonjezera yoti waya wa mbali yachiwiri akwere kapena atsike, ndipo chimenechi ndicho ambiri amachiiwala. Controller ikasiya waya, chigawo choyamba chiyenera kukwera mpaka pamene buffer imazindikira kuti wasiyidwa. Apo m'pamene buffer imasiya chigawo chachiwiri, chimene chimayamba ulendo wake wokwera kuchokera pansi. Zigawo ziwirizi sizikwera pamodzi, zimadikirana.

Matebulo a m'chikalata chomwechi amatithandiza kuona kuchepa kwa mpata umene ulipo. Pa 400 kHz, SCL iyenera kukhala pansi kwa 1300 ns kapena kuposerapo. Chip yoyankha imaloledwa kutenga mpaka 900 ns kuti iike biti yake pa SDA, ndipo bitiyo iyenera kukhazikika 100 ns koloko isanakwere. Zotsala ndi 300 ns. Tsono kuchedwa kwa buffer kumadya mpata umenewu kawiri, chifukwa kutsika kwa koloko kuyenera kuwoloka buffer kupita kwa chip yakutaliyo, ndipo yankho liyenera kuwolokanso pobwerera. Ngati pali chingwe chachitali, magetsi amatenga pafupifupi 5 ns pa mita iliyonse. Chingwe cha mamita 20 chimadya 200 ns popita ndi pobwera, ndipo 100 ns yotsalayo iyenera kukwanira mabuffer awiri, wa kumutu ndi wa kumapeto, aliyense kuwolokedwa kawiri. N'chifukwa chake datasheet ya P82B96, buffer yopangidwira zingwe zazitali, imapatula malo ophunzitsa kuwerengera nthawi imeneyi ndi kutalikitsa nthawi imene koloko imakhala pansi.

Ngakhale zili choncho, vuto la kuchedwa lili ndi mankhwala odziwika. Mukachepetsa koloko limatha. Limawerengeka ndi pensulo, ndipo alembi anatha kulinena motsimikiza chifukwa limagwira buffer iliyonse. Vuto la theka lachiwiri silimva mankhwala amenewa. Mukhoza kutsitsa koloko mpaka 10 kHz koma bus n'kukhalabe yosalankhula.

Ndani akukoka, ine kapena wina?

VOL ndi voltage imene imakhala pa waya pamene chip ikumukokera pansi. VIL ndi voltage yokwera kwambiri imene womvetsera amaitengabe kuti ndi 0, ndipo pa I2C ndi 30 peresenti ya magetsi. Pa bus yopanda buffer awiriwa amatalikirana bwino: wokoka amatsitsa mpaka 0.4 V, womvetsera pa 3.3 V amavomera chilichonse chosapitirira 0.99 V. Nanga buffer imasokoneza bwanji mtendere umenewu?

Taganizirani buffer yopangidwa mosaganizira bwino, yokhala ndi malamulo awiri: mbali A ikatsika kokera B pansi, mbali B ikatsika kokera A pansi. Controller ikukoka A. Buffer ikukoka B. Pomwepo buffer ikuona kuti B yatsika, ndiye ikukokanso A. Controller ikasiya, A sikwera, chifukwa buffer yaigwira, ndipo yaigwira chifukwa cha B imene yaigwiranso yokha. Bus yafa mpaka mutazimitsa magetsi. N'zofanana ndi zimene zimachitika pa msonkhano maikolofoni ikayandikira sipika: chimkuzamawu chimamva mawu ake omwe n'kuwabwereza, ndipo kulira kwake sikusiya ngakhale wolankhula atakhala chete.

Mabus ena alibe vuto limeneli. Pa UART ndi pa SPI wamba waya aliyense amayenda mbali imodzi, choncho kachip kosavuta ngati 74HC125 kamakwanira. Pa RS-485, chip ngati MAX485 ili ndi mwendo umene pulogalamu imauzirapo kuti tsopano tikutumiza, tsopano tikulandira. Pa I2C mwini wa waya amasintha m'kati mwa uthenga, popanda chizindikiro chapadera chouza buffer. Choncho buffer iliyonse ya I2C iyenera kudziyankhira yokha funso ili: waya ali pansiyu, ndikumukoka ndine kapena ndi wina? UM10204 siinena mmene funsoli liyankhidwire. Apa m'pamene pachokera mawu okayikira aja. Alembi sakanatha kulonjeza za chinthu chimene sachilamulira. Wopanga aliyense ali ndi nzeru yake, ndipo nzeru iliyonse imasiya chipsera chake pa voltage ya bus.

Nzeru ya PCA9515 ndi abale ake

PCA9515 imayankha pokana kukokera waya mpaka pansi penipeni. Ikamakoka imaima pafupifupi pa 0.5 V. Machip ena onse amaona 0.5 V ngati 0, koma buffer yokhayo siivomera. Imafuna voltage yotsika ndi 70 mV kapena kuposerapo kuchoka pamene iyo yaima kuti ikhulupirire kuti wina akukoka. Nzeru imeneyi amaitcha static offset. Kukoka kwake sikumveka m'makutu ake omwe, ndipo bus siikakamira.

Mukaika oscilloscope pa SDA ya mbali yoteroyo mumaiona nzeruyi ndi maso. Mzere wa pansi suli umodzi, ulipo pawiri. Pa mabiti amene akuchokera kutsidya la buffer, mzerewo umakhala m'mwamba pang'ono, cha pa 0.5 V. Koloko ikagunda ka nambala 9 ndipo chip ya mbali ino ikayankha, mzerewo umagwa kasitepe kufika pafupi ndi 0 V. ACK ikatha umatha kukweranso pa kasitepe kaja usanapitirire m'mwamba. Munthu wodziwa amawerenga pa kasitepe kameneka kuti biti iyi wakoka ndi uje, iyi ndi uje. Wosadziwa amayesa kuti pena pake waya wamasuka.

Chipsera choyamba chikuonekera msanga. Mukalumikiza ma PCA9515 awiri motsatizana, woyamba amapereka 0.5 V ndipo wachiwiri amaikana, chifukwa anapangidwa kuti asamve 0.5 V. Datasheet yake imaletsa zimenezi poyera. Choncho lonjezo la kuwirikiza kawiri la mu ndime 7.2.3 n'loona, koma ndi chip imeneyi silipitirira kukhala katatu pongowonjezera ina kutsogolo.

PCA9517 ya NXP ndi TCA9517 ya Texas Instruments zinakonza zimenezi poika static offset mbali imodzi yokha, ya B. Mbali A imakokera pansi ndithu, ndipo imagwira ntchito kuyambira pa 0.9 V mpaka 5.5 V, pamene mbali B imayambira pa 2.7 V. Ndi zimenezi mukhoza kulumikiza A ya buffer ina ku B ya inzake, kapena ma A angapo pamodzi, koma B ndi B ayi. Manambala a magetsiwo nawonso akufotokoza nkhani. Pa 1.8 V, VIL ndi 0.54 V, ndipo buffer yoima cha pa 0.5 V ikanakhala pamalire penipeni. N'chifukwa chake machip a magetsi otsika amaikidwa ku A.

Chipsera chachiwiri n'chobisika kwambiri. Datasheet ya mabuffer amenewa ili ndi nambala imene mu UM10204 mulibe, yotchedwa VILc, ndipo ndi 0.4 V. Ndiyo voltage imene chip ya ku B iyenera kutsikira pamene buffer ikukoka kale wayayo, monga zimachitikira pa clock stretching komanso kawirikawiri pa ACK. Tsono kumbukirani kuti chikalata chachikulu chimalola chip kuima pa 0.4 V yomweyo ikamakoka 3 mA. Chip yomvera malamulo onse ikhoza kufika pa mzere umenewu popanda kutsala ndi mpata ngakhale pang'ono. Kuti itsikepo, pull-up ya ku B iyenera kukula kuti current ichepe, koma pull-up ikakula waya amachedwanso kukwera. Wopanga bolodi wabwerera pakati pa makoma awiri aja, koma tsopano ayandikana kwambiri.

Pali china chimene wowerenga mosamala angachione. Ndime 7.3, yoyandikana ndi imene tikusanthulayi, imalangiza kuti mukhoza kuika resistor ya pafupifupi 300 Ω pakati pa chip ndi bus poteteza chipyo ku magetsi obwera mwadzidzidzi, ndipo chitsanzo chake ndi kuthetheka kwa chubu cha wailesi yakanema zakale zija. Malangizowa ndi abwino paokha. Koma aikeni ku mbali B limodzi ndi pull-up ya 1.8 kΩ pa 3.3 V, yofanana ndi imene ili pa bolodi ya Raspberry Pi. Ngakhale chip itakokera mwendo wake mpaka 0 V yeniyeni, bus idzaima pa 0.47 V. Machip onse adzaiona kuti ndi 0, koma buffer ikakhala ikukoka kale wayayo sidzaimva. Malangizo awiri a m'chikalata chimodzi agundana, ndipo chimene chinachenjeza za ngoziyi ndi theka la chiganizo lija basi.

P82B96 ndi ya banja lomweli koma ndi manambala aakulu. Mbali yake ya chingwe imagawa waya aliyense kukhala wotumiza ndi wolandira, imakoka 30 mA, imalola magetsi mpaka 15 V ndi capacitance yofika 4000 pF. Koma mbali yake ya I2C, yotchedwa Sx, imaima cha pa 0.9 V ikamakoka 3 mA. Pa bus ya 5 V, imene VIL yake ndi 1.5 V, palibe chodetsa nkhawa. Pa 3.3 V mpata wotsala ndi wochepa zedi. Ndipo pa machip a SMBus, amene VIL yawo ndi 0.8 V, voltage imeneyi yadutsa kale malire. NXP inadzatulutsa PCA9600, imene imatsitsako voltage ya mbali imeneyi.

Nzeru zina, zipsera zina

LTC4300A, yochokera ku Linear Technology imene tsopano ili m'manja mwa Analog Devices, ndi PCA9511A ya NXP zimayankha funso lija mwanjira ina. Siziima pa voltage yokhazikika. Zimatsatira voltage ya mbali imene yatsika kwambiri n'kuwonjezerapo pang'ono, cha m'ma 100 mV. Zimatha kutsatizana, koma iliyonse imaikapo kake, ndipo mukachulukitsa, 0 wanu amanka nakwera mpaka womvetsera wakumapeto atamukana. Machip amenewa anapangidwira makhadi amene amalowetsedwa m'makina magetsi ali chiyakire. Amayamba akweza miyendo yawo kufika pa 1 V ndipo amadikira kuti bus ikhale chete asanalumikize mbali ziwirizo. Alinso ndi kothandizira kukweza waya msanga, kamene kakaona voltage yayamba kukwera kamathira current yowonjezera. Kothandizira kameneka sikagwirizana ndi static offset, chifukwa kusuntha kwa waya kuchoka pafupi ndi 0 V kufika pa kasitepe ka 0.5 V kakhoza kukutenga ngati chiyambi cha kukwera. Mabuffer awiri abwino, aliyense womvera datasheet yake, akhoza kulimbana pa waya mmodzi.

Banja la TCA9800 limayang'ana current m'malo mwa voltage. Mbali yake B ili ndi gwero lakelake la current m'kati, ndipo imadziwa kuti wina akukoka poona kumene currentyo ikulowera. Voltage yake ya pansi imakhala yotsika bwino, koma lamulo lake ndi lakuti ku B kusakhale pull-up ina iliyonse. Timabolodi tambiri ta masensa togulitsidwa tokonzeratu timabwera ndi maresistor ake omatidwa kale, ndipo amenewo ayenera kuchotsedwa kaye.

Palinso machip amene amagulitsidwa pa shelefu yomweyo koma sadula bus. P82B715 imachulukitsa current kakhumi ku mbali ya chingwe, moti bus yonse ikhoza kufika cha m'ma 3000 pF, koma mbali ziwirizo zimakhalabe zolumikizana. Chip yoyendetsa imamvabe gawo limodzi mwa magawo khumi a katundu wa kutsidyako, ndipo magetsi a mbali zonse amakhala ofanana. PCA9306, komanso timabolodi totsika mtengo ta transistor ya BSS138, timasintha voltage pakati pa 3.3 V ndi 5 V, koma tikatseguka capacitance ya mbali ziwiri imaphatikizana ndipo chip yokoka imanyamula mapull-up onse awiri. Amene wagula zoterezi pofuna kutalikitsa chingwe wawonjezera katundu m'malo mochepetsa. Nawo masiwichi ngati TCA9548A, amene ndime 7.2.3 imatchula mtundu wawo limodzi ndi mabuffer, amagwira ntchito mwanjira yawo. Amatsegula njira imene mwasankha mwa njira 8, ndipo capacitance imene imawerengedwa ndi ya njira zotsegulidwazo zokha. Amathandizanso pamene machip awiri ali ndi adiresi imodzi.

Zimene chenjezoli likutisiyira

Wina anganene kuti alembi a UM10204 analakwa pofupikitsa nkhani yofunika chonchi. Ine sindikuona choncho. Iwo analamula zimene akanatha kulamula, ndipo pa zotsalazo analoza wowerenga ku makalata ena awiri, AN255 ya mabuffer ndi AN262 ya masiwichi. Chimene chenjezoli likuchita ndi kusamutsa udindo. Bus isanadulidwe, chikalata chimodzi chimatsimikizira kuti machip onse omvera malamulo adzamvana. Ikangodulidwa, chitsimikizo chimenecho chimathera pa mwendo wa buffer, ndipo amene ayenera kuchimanganso ndi wopanga bolodi. Mawu oti chip ndi yogwirizana ndi I2C, olembedwa pa tsamba loyamba la datasheet, satanthauza kuti idzagwirizana ndi buffer ina iliyonse.

Pali nthawi imene yankho loona ndi kusiya kukakamiza mawaya awiriwa. I2C inabadwira m'kati mwa bokosi limodzi, ndipo chikalata chake chimayamba kudera nkhawa za kayalidwe ka mawaya akangopitirira masentimita 10. Uthenga ukafunika kudutsa m'nyumba ya makina yodzaza ndi mamota, RS-485 ndi CAN, imene Bosch inaitulutsa mu 1986, zimapirira phokoso la magetsi chifukwa zimayeza kusiyana kwa mawaya awiri opotana. PCA9615 imabwereka nzeru yomweyo n'kuinyamulira I2C, ndipo ndi njira yabwino pamene masensa ali kale a I2C. Kuvomereza kuti mtunda wakula kuposa bus ndi mbali ya luso lomweli.

Koma pamene buffer ikufunikadi, ntchito yake ndi ya pepala ndi pensulo isanakhale ya kuwotcherera. Jambulani chigawo chilichonse cha bus pachokha. Lembani capacitance yake ndi pull-up yake, n'kuwerengera nthawi yokwera. Lembani voltage imene wokoka aliyense amaimapo, buffer yomwe, ndi voltage imene womvetsera aliyense amafuna, kuphatikizapo VILc. Onani mbali imene ili ndi static offset ndi chimene chalumikizidwa kumeneko. Phatikizani kuchedwa konse popita ndi pobwera. Ngati pa chigawo china wokoka wofooka kwambiri satsika kupitirira zimene womvetsera wovuta kwambiri amafuna, ndi mpata wotsala wa phokoso, ndiye kuti buffer imeneyo si ya bolodi yanu, ngakhale itagwira ntchito pa tebulo lero. Voltage zimenezi zimasuntha ndi kutentha komanso kuchoka pa chip ina kupita pa inzake, ndipo chipangizo chimene anthu adzachidalire kumunda, kuchipatala kapena kufakitale chiyenera kumangidwa pa manambala a malire, osati pa mwayi wa chip imodzi imene munayesera.